Mawu a Chijeremani akuti süß: mafunso ndi mayankho pa kalembedwe, katchulidwe ndi tanthauzo

Mwa mawu onse amene ophunzira Chijeremani amakumana nawo m'masabata oyambirira, palibe amene amandibweretsera mafunso ambiri ngati *süß*. Ndi kamawu ka malembo atatu okha, koma awiri mwa malembowo mulibe mu alifabeti yathu, ndipo lachitatulo, s, silimveka monga tinalizolowerera. Mafunso ake amabwera omwewomwewo, m'kalasi ngakhalenso pa WhatsApp usiku mayeso akayandikira, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano. Ndayambira osavuta. Nkhani ikakhala kuti yafotokozedwa kale pa yankho lina, ndikulozerani komweko.

Kodi süß amatanthauza chiyani?

Ndi mfotokozi, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi kutsekemera, kapena kuti kuzuna: zimene lilime limamva mukanyambita uchi, mukatafuna nzimbe, kapena mukaluma bango lakupsa bwino. *Der Tee ist süß* ndiye kuti tiyi ndi wotsekemera. *Der Honig ist süß*, uchi ndi wozuna. Mukathira shuga wambiri mpaka tiyi kuyamba kulakwika, Mjeremani adzati *zu süß*, kutsekemera kopitirira muyeso.

Mawuwa ali ndi tanthauzo lachiwiri limene mungalimve kawirikawiri kuposa loyambali mukakhala pakati pa achinyamata kapena m'nyumba ya ana aang'ono. Ndalifotokoza pa funso la kunena munthu kuti ndi *süß*.

Ndiye kuti ndi chimodzimodzi ndi "kukoma"?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timagwera m'mbuna. Kwathu timati nzimbe ikukoma, tiyi akukoma, komanso chambo chowotcha chikukoma, nkhwani wotendera akukoma. Mawu amodzi amanyamula zonsezi. Wophunzira akaona kuti nzimbe yokoma ija ku Germany ikutchedwa *süß*, amaganiza kuti wapeza mawu a kukoma konse. Koma *süß* amakhudza shuga basi. Chakudya chokoma amati ndi *lecker*, kapena amanena kuti *das schmeckt gut*.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anapita kukalera ana pa banja lina kum'mwera kwa Germany. Tsiku lake loyamba mayi a m'nyumbamo anaphika nyama ya ng'ombe ya msuzi wambiri, ndipo iye pofuna kuthokoza mwaulemu anati, *"Das ist sehr süß."* Mayi aja anangoti phee, n'kutenga supuni kulawanso msuzi, kenaka n'kudzuka kukasuzumira m'kabotolo ka mchere. Ankaganiza kuti athira shuga molakwitsa. Mtsikanayo anali ndi mtima wabwino ndi ulemu wonse, koma mawu amodzi anasandutsa chiyamikiro kukhala dandaulo. Chimene ankafuna kunena ndi *"Das ist sehr lecker."*

Amalembedwa bwanji?

Malembo atatu: s, kenaka ü (u wokhala ndi timadontho tiwiri pamwamba), kenaka ß. Amayamba ndi lembo laling'ono, pokhapokha akakhala koyambirira kwa chiganizo kapena akasanduka dzina.

Lembo lomalizalo ndi B?

Si B, komanso si lembo la Chigiriki lotchedwa beta ngakhale amaoneka ofananako. Dzina lake ndi *Eszett*, ena amati *scharfes S*, kutanthauza s wakuthwa. Linabadwa pamene alembi ndi osindikiza akale ankalumikiza s wamtali, wooneka ngati f wopanda kamzere kopingasa, ndi z. Dzina lakuti *Eszett* ndi mayina a malembo awiriwo atangogundanitsidwa.

Limamveka ngati s wa m'mawu oti "sopo" kapena "kusamba". Musalembe *süB* pamayeso kapena m'kalata. Wowerenga amaona B weniweni ndipo mawuwo sakhalanso Chijeremani.

Nanga amatchulidwa bwanji?

Mu mtanthauziramawu mudzapeza zizindikiro izi: [zyːs]. Tiyeni tiziphwanye.

Lembo loyamba, s, likakhala koyambirira kwa mawu ndipo likutsatiridwa ndi lembo la liwu, limamveka ngati z wathu wa m'mawu oti "zaka" kapena "zala". N'chimodzimodzi ndi *Sonne*, dzuwa, ndi *Salz*, mchere. Onetsetsani kuti ndikunena z wa Chichewa. Lembo z la Chijeremani limamveka ngati ts wathu wa "tsiku", ndiye musasokoneze ziwirizi.

Pakatipo pali ü wautali. Chizindikiro y cha mu mtanthauziramawu si y wathu wa "yanga", ndi momwe akatswiri a zilankhulo amalembera liwu la ü, ndipo timadontho totsatirato tikusonyeza kuti liwulo likokedwe. Kumapeto kuli s wowuma, wongotuluka mpweya ngati tayala la njinga likuphwa.

Choncho m'mawu amodzi omwewa s wolembedwa akumveka z, pamene lembo lachilendo lija ndi limene likumveka s. Phatikizo ndi limodzi lokha.

Ndayesayesa koma ü akungotuluka ngati u kapena i. Nditani?

Musataye mtima. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo pakamwa pathu panazolowera kuti lilime likapita kutsogolo milomo imatambasuka, milomo ikasongoka lilime limabwerera m'mbuyo. Liwu la ü limafuna kuti muphwanye chizolowezi chimenechi: lilime likhale pa i, milomo ikhale pa u.

Chitani chonchi. Imani pagalasi, nenani "iiii" mokoka ngati mukudabwa ndi mtengo wa feteleza. Musasiye kutulutsa liwulo, ndipo lilime lisasunthe ngakhale pang'ono, nsonga yake ikhalebe kuseri kwa mano akunsi. Tsopano songolani milomo pang'onopang'ono ngati mukufuna kuyimba mluzu. Liwu limene litulukepo ndiye ü. Amene amatha kuyimba mluzu amaligwira msanga, chifukwa pakamwa pamakhala pataima kale mofananako.

Mukaligwira, liyeseni m'mawu awiriawiri amene amasiyana pa liwu lokhali. *Tier* ndi nyama, *Tür* ndi chitseko. *Vier* ndi zinayi, *für* ndi mperekezi wosonyeza amene chinthu chikupita kwa iye. *Liegen* ndi kugona pansi, *lügen* ndi kunama. Mawu awiri omalizawa amaonetsa bwino kuti nkhaniyi si yongokometsera kalankhulidwe: wodwala amene akuuza namwino kuti akufuna kugona asamveke ngati akufuna kunama.

Chinanso, ambiri amanena "zyus", ngati kuti pali y kenaka u. Kumeneko n'kutchula maliwu awiri motsatizana. Liwu la ü ndi limodzi, losasintha kuyambira pomwe layambira mpaka pomwe lathera.

Ü wautali ndi waufupi amasiyana bwanji?

Wautali muli mu *süß*, *müde* (wotopa), *grün* (wobiriwira) ndi *Füße* (mapazi). Waufupi muli mu *müssen* (kuyenera), *fünf* (zisanu), *Glück* (mwayi) ndi *Küsse* (mipsopsono). Waufupiyo samangodulidwa msanga, amatulukanso milomo ndi lilime zitamasukako. Yerekezani *fühlen*, kumva m'thupi kapena mumtima, ndi *füllen*, kudzaza. Kapena *Hüte*, zipewa, ndi *Hütte*, kanyumba kakang'ono. Kutalika kumeneku ndi kumene kumalamula kalembedwe ka ß, monga muonere pa funso la ß ndi ss.

Aphunzitsi amandiuza kuti ndikuwonjezera liwu kumapeto. Kodi pali vuto lanji?

Vuto lilipo, ndipo kwa ife olankhula Chichewa ndi lalikulu kuposa la ü. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu. N'chifukwa chake mawu obwereka timawaveka mchira: buku, sukulu, basi, supuni. Lilime limachita zimenezi lokha, osapempha chilolezo, ndiye *süß* amatuluka ngati "zusi" kapena "zuse".

M'Chingerezi kamchira kotere kamangosonyeza kumene munthu akuchokera. M'Chijeremani kamasintha galamala, chifukwa *süße* ndi mawu amene alipo kale ndipo ali ndi ntchito yawo. Mukanena kuti *Der Tee ist süße*, womvera akumva chiganizo cholakwika, osati katchulidwe kachilendo chabe. Njira imene ndaona ikuthandiza ndi kukoka s womalizayo, "süsssss", mpaka mpweya uthe, pakamwa posatsegulanso. Mukazolowera, muzimufupikitsa pang'onopang'ono.

Ndamva anthu a ku München, kum'mwera kwa Germany, ndi ku Wien, likulu la Austria, akuyamba ndi s osati z. Olondola ndani?

Onse. Kum'mwera kwa Germany, ku Austria ndi ku Switzerland anthu ambiri amatchula s woyamba mowuma, ngakhale akulankhula Chijeremani cha kusukulu. Kumpoto ndi pa nkhani za pa wailesi za ku Germany mudzamva z. M'zilankhulo za kumudzi mawuwa amasinthiratu: ku Bayern mumamva ngati *siaß*, ku Switzerland *süess*. Wophunzira ayambe ndi z chifukwa ndi amene ali mu mtanthauziramawu, koma palibe amene angalephere kukumvani mukayamba ndi s. Pa ü ndi pamene sangakumveni mukaphonya.

N'chifukwa chiyani amalemba ß osati ss kapena s?

Lamulo la masiku ano ndi lomveka. Liwu la s wowuma likabwera pambuyo pa lembo la liwu lalitali, kapena pambuyo pa maliwu awiri ogundana monga ei ndi au, limalembedwa ß: *süß*, *groß*, *Fuß*, *Straße*, *heiß*, *draußen*. Likabwera pambuyo pa lembo la liwu lalifupi limalembedwa ss: *Kuss*, *Fluss*, *Wasser*, *müssen*. Ndiye ß ndi chikwangwani chokuuzani kuti liwu la m'mbuyo mwake mulikoke. Ine ndimaona kuti ndi mphatso kwa wophunzira, chifukwa mawu amene simunawamvepo mukhoza kuwatchula bwino pongoyang'ana.

Koma pali mawu ngati *Gras* (udzu) ndi *Haus* (nyumba) amene amathera ndi s wowuma pambuyo pa liwu lalitali, chonsecho amalembedwa ndi s wamba. Kuti mudziwe, atalikitseni mawuwo. *Gras* amakhala *Gräser*, *Haus* amakhala *Häuser*, ndipo s uja wasanduka z. *Süß* akakhala *süße* s amakhalabe wowuma. Amene sasinthayo ndiye ß. Tchulani *süße* ndi *Gemüse* (ndiwo zamasamba) motsatizana, mudzamva kusiyana kwake: woyambayo ali ndi s, wachiwiriyo ali ndi z. N'chimodzimodzi *reißen*, kung'amba, ndi *reisen*, kuyenda ulendo.

M'buku lakale ndapeza daß ndi muß. Kodi süß nawonso anasintha?

Sanasinthe. Pa 1 July 1996 nthumwi za mayiko olankhula Chijeremani zinasayinirana ku Wien mgwirizano wosintha kalembedwe, ndipo malamulo atsopanowo anayamba kugwira ntchito pa 1 August 1998. Kale ß ankalembedwanso kumapeto kwa mawu ngakhale liwu la m'mbuyo likhale lalifupi, monga *daß*, *muß*, *Kuß*, *Fluß*. Awa ndi amene anasanduka *dass*, *muss*, *Kuss*, *Fluss*. Popeza ü wa mu *süß* ndi wautali, mawuwa anatsala momwe analili. Kusinthaku kunautsa mkangano waukulu, ndipo mu 2006 malamulo ena anakonzedwanso, koma la ß ndi ss silinagwedezeke. Bungwe limene limayang'anira zimenezi tsopano ndi Rat für deutsche Rechtschreibung, la ku Mannheim.

Anthu ena anamva kuti ß anathetsedwa. Si zoona. Anangochepetsedwa malo.

Nanga bwanji pa paketi ya chokoleti ya ku Switzerland palembedwa süss?

Ku Switzerland ndi ku Liechtenstein salemba ß. Paliponse amaika ss: *süss*, *Strasse*, *gross*. Lembolo linazimiririka kumeneko pang'onopang'ono, ndipo nyuzipepala yotchuka ya Neue Zürcher Zeitung inalisiya mu 1974. Katchulidwe ka ü kamakhalabe kautali, kungoti kalembedwe sikakuuzaninso. Vuto lake limaoneka pa mawu ngati *Maße* (miyeso) ndi *Masse* (unyinji), amene kumeneko amalembedwa mofanana, moti "kumwa mwa muyeso" ndi "kumwa mochuluka zedi" zimaoneka chimodzimodzi papepala.

Ngati mukulembera sukulu kapena malo a ntchito a ku Germany kapena ku Austria, lembani *süß*. Ngati muli ku Zürich kapena ku Bern, lembani *süss*.

Foni yanga kapena kompyuta ilibe malembo amenewa. Ndilembe bwanji?

Pa mafoni ambiri, dinikizani u osachotsa chala, patuluka kabokosi kokhala ndi ü. Chitani chimodzimodzi pa s kuti mupeze ß. Zikapanda kutuluka, onjezani Chijeremani pa zilankhulo za kiyibodi. Pa kompyuta ya Windows yokhala ndi manambala a kumanja, gwirani Alt n'kulemba 0252 kuti mupeze ü, kapena 0223 kuti mupeze ß. Pa Mac, Option ndi u kenaka u kachiwiri kumapereka ü, Option ndi s kumapereka ß. Pa kiyibodi ya Chijeremani ü ali kumanja kwa p, ndipo ß ali kumanja kwa 0.

Zonse zikakanika, monga pa adiresi ya imelo, njira yovomerezeka ndi kulemba ue m'malo mwa ü ndi ss m'malo mwa ß: *suess*. Mjeremani aliyense amawerenga zimenezi mosavuta.

Sindingangosiya timadontho n'kulemba suss?

Funsoli ndimalimvetsa, chifukwa kwathu wina amalemba Malaŵi, wina Malawi, ndipo palibe amene amasokonezeka. Koma m'Chijeremani u ndi ü ndi maliwu awiri osiyana ngati momwe a ndi e alili kwa ife. *Mutter* ndi mayi mmodzi, *Mütter* ndi amayi ambiri. *Bruder* ndi mchimwene, *Brüder* ndi achimwene angapo. *Fuß* ndi phazi, *Füße* ndi mapazi. Timadonthoto tinachokera ku ka e kakang'ono kamene alembi akale ankakakhazika pamwamba pa lembo. Mukalemba ue mwangokatsitsa pansi, koma mukalemba u yekha mwakataya.

Pa malembo aakulu okhaokha zimakhala bwanji?

Palibe mawu a Chijeremani oyamba ndi ß, choncho kwa nthawi yaitali lemboli linalibe lalikulu lake. Pa zikwangwani ankalemba SÜSS. Kuyambira pa 29 June 2017 lembo lalikulu ẞ linavomerezedwa, ndiye SÜẞ ndi SÜSS zonse n'zolondola. Ü amasunga timadontho take.

Ndimaona süße, süßer, süßes, süßen. Kodi ndi mawu osiyana?

Ndi mawu amodzi ovala michira yosiyana, ndipo olankhula Chichewa tili ndi mwayi pamenepa kuposa olankhula Chingerezi, chifukwa nkhani ya mgwirizanitsi tinayamwira. Timati tiyi wotsekemera, nthochi yotsekemera, phala lotsekemera, chinangwa chotsekemera. Tsinde silisintha, mutu ndi umene umatsata gulu la dzina. Ajeremani amachita zomwezo, koma iwo amasintha mchira, ndipo magulu awo ndi atatu: a *der*, a *die* ndi a *das*.

Mfotokozi akakhala kumapeto, pambuyo pa mneni, savala kanthu. *Der Tee ist süß. Die Banane ist süß. Die Bananen sind süß.* Akakhala kutsogolo kwa dzina ndi pamene amavala. Ndi *der*, *die*, *das* timati *der süße Tee*, *die süße Banane*, *das süße Getränk*, ndipo zikachuluka *die süßen Bananen*. Ndi *ein* timati *ein süßer Tee*, *eine süße Banane*, *ein süßes Getränk*. Taonani kuti *ein* sakusonyeza gulu, ndiye mfotokozi akusenza ntchitoyo: r wa *der* wasamukira pa *süßer*, s wa *das* wasamukira pa *süßes*.

Mchira umasinthanso malinga ndi ntchito ya dzina m'chiganizo. Tiyi akakhala chinthu chimene chikumwedwa timati *Ich trinke einen süßen Tee*. Pambuyo pa *mit* timati *mit dem süßen Tee*. Izi si za *süß* yekha, afotokozi onse amayenda chonchi, ndiye mukaziloweza pa mawu amodziwa mwazidziwa pa onse. Podula mawu kumapeto kwa mzere, ß amapita ku phatikizo lachiwiri: *sü-ße*.

Ndinganene bwanji kuti ichi chikutsekemera kuposa icho?

*Die Mango ist süßer als die Banane.* Choposa zonse ndi *am süßesten*, kapena *die süßeste Mango*. Ka e kapakatiko kalipo kuti ß ndi st asagundane, monganso mu *am heißesten*. Amene amaphwanya lamuloli ndi *groß*, amene amakhala *am größten*.

Chenjerani ndi *süßer*, chifukwa ali ndi nkhope ziwiri. Mu *ein süßer Tee* palibe kuyerekeza kulikonse, ndi mchira wa gulu umene tauona pa funso lapitali. Tiyi wotsekemera kuposa wina ndi *ein süßerer Tee*, michira iwiri yotsatizana.

Ndi liti pamene S amakhala wamkulu?

Mfotokozi akasanduka dzina, chifukwa mayina onse a Chijeremani amayamba ndi lembo lalikulu. *Etwas Süßes* ndi kanthu kotsekemera, *nichts Süßes* ndi kukana zotsekemera zonse, mawu amene odwala matenda a shuga amawafuna kawirikawiri. *Die Süße* ndi kutsekemera kwenikweniko. *Süßigkeiten* ndi maswiti ndi zina zotero, *Süßstoff* ndi mankhwala otsekemeretsa olowa m'malo mwa shuga. Mneni wake ndi *süßen*, kutsekemeretsa, wa lembo laling'ono. Pa paketi ya chakumwa mukaona *ungesüßt*, ndiye kuti sanathiremo zotsekemeretsa.

Palinso *süßlich*, amene si chiyamikiro kwenikweni. Amanena za fungo kapena kumwetulira kotsekemera mokayikitsa, kochititsa nseru pang'ono.

Kodi ndinganene kuti munthu ndi süß?

Mungathe, koma yang'anani kaye munthuyo ndi ndani. Khanda la masaya onenepa, kamwana ka galu, kadiresi ka mwana, zonsezi zimachititsa Ajeremani kufuula kuti *"Wie süß!"* M'Chichewa tilibe mfotokozi mmodzi wogwira ntchito imeneyi. Nthawi zambiri ife timaipereka kwa ka- ndi ti-: kamwana kosangalatsa, timapazi take. Mawu ena oyandikana nawo ndi *niedlich* ndi *goldig*, ndipo ku Austria ndi ku Switzerland mumamvanso *herzig*.

Mnzanu akakuchitirani kanthu kokhudza mtima, monga kukubweretserani mankhwala muli chigonere, mungati *"Das ist süß von dir."* Achinyamata akanena kuti mnyamata kapena mtsikana wina ndi *süß*, nthawi zambiri ndiye kuti mtima wagunda. Okondana amaitanana *Süße* kwa mkazi ndi *Süßer* kwa mwamuna, makolonso amatero kwa ana awo.

Kwa bwana wanu, kwa mphunzitsi, kwa dokotala, kwa munthu wamkulu amene mumamuitana kuti *Sie*, "inu" waulemu, mawuwa asatuluke. Nenani *nett* kapena *freundlich*. Amene akupita kukasamalira okalamba amve bwino apa: agogo a zaka 85 si kamwana, ndipo ambiri amamva kuchepetsedwa akanenedwa kuti ndi *süß*. Mwamuna kuitana mkazi wosamudziwa kuti *Süße* pamsewu kapena pantchito ndi chipongwe, palibe njira ina yozitchulira. Ndipo munthu akayang'ana ntchito imene mwaikhetsera thukuta n'kuti *"Ach, wie süß"*, mvetserani kamvekedwe ka mawu ake, chifukwa nthawi zina kumakhala kupeputsa.

Süßwasser ndi madzi othira shuga?

Ayi, ndi madzi opanda mchere, a m'mitsinje ndi m'nyanja za pakati pa mtunda. Otsutsana nawo ndi *Salzwasser*. Nyanja ya Malawi, imene iwo amaitcha *Malawisee*, ndi *Süßwassersee*, ndipo chambo, usipa ndi kampango ndi *Süßwasserfische*. Anthu ambiri a ku Germany amene amaweta nsomba zokongola m'magalasi amaidziwa nyanjayi kudzera mu timbuna, ndipo mawu akuti *Mbuna* amawagwiritsa ntchito momwemo.

Mawu ena a mtundu umenewu amene amandisangalatsa ndi *Süßkartoffel*. Kwathu mbatata ndi yotsekemera ija, ndipo inayo ndi imene timaiwonjezera dzina kuti ya kachewere kapena kuitcha mbatatesi. Kwa Ajeremani zinatembenuka: *Kartoffel* ndi kachewere, chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku, ndipo mbatata yathu ndi imene imafunika kufotokozedwa. Komanso *süße Sahne* alibe shuga, ndi mafuta a mkaka amene sanasase, kusiyanitsa ndi *saure Sahne*. Apa *süß* akungotanthauza kuti chinthucho si chamchere kapena chowawasa.

Mawu otsutsana ndi süß ndi ati?

Zimatengera zimene mukukamba. *Sauer* ndi kuwawasa kwa mandimu kapena bwemba. *Bitter* ndi kuwawa kwa mankhwala a malungo. *Salzig* ndi zamchere. *Scharf* ndi kuwawa kwa tsabola, ndipo onani kuti ife timati "kuwawa" pa tsabola ndi pa mankhwala pomwe, pamene iwo amasiyanitsa. *Herzhaft* ndi zakudya zokhutitsa zopanda shuga, monga buledi wa tchizi kapena soseji. Mukapita kukaonera kanema n'kugula mbuliwuli, wogulitsa adzakufunsani mwachangu kuti *"Süß oder salzig?"* Pa botolo la vinyo wotsutsana naye ndi *trocken*, ndipo mzere wake umayenda chonchi: *trocken*, *halbtrocken*, *lieblich*, *süß*.

*Sauer* akanenedwa za munthu amatanthauza kukwiya. *Ich bin sauer* ndiye kuti ndapsa mtima.

Pali zining'a kapena mikuluwiko yokhala ndi mawuwa?

Ilipo ingapo. *Süßholz raspeln* ndi kupala muzu wotsekemera umene amapangira maswiti akuda otchedwa *Lakritz*, ndipo tanthauzo lake ndi kushashalika, makamaka mwamuna ponyengerera mkazi. *Rache ist süß* amati kubwezera n'kozuna. *Träum süß* ndi mawu ogoneka nawo mwana kapena wokondedwa, kumufunira maloto abwino. Madzulo a pa 31 October, ana ovala zoopsa amagogoda pamakomo n'kumati *"Süßes oder Saures!"*, kupempha maswiti.

Mawuwa anachokera kuti?

M'Chijeremani chakale kwambiri anali *suozi*, kenaka *süeze*. Ka i kakumapetoko ndi kamene kanakokera liwu lapakati kutsogolo kwa kamwa mpaka kubala ü, kenaka iko n'kufota n'kutha. Abale ake ndi *zoet* wa Chidatchi, *soet* wa Chiafrikaans amene anzathu a ku South Africa amamuona m'masitolo, *söt* wa ku Sweden, *sweet* wa Chingerezi, ndi patali pang'ono *suavis* wa Chilatini.

Abale apafupiwo onse ali ndi t pamene Chijeremani chili ndi ß. Zaka zoposa 1000 zapitazo, kum'mwera kwa dera lolankhula Chijeremani t wotere anasanduka liwu la s, ndipo chizindikiro chake chili ponseponse: *foot* ndi *Fuß*, *water* ndi *Wasser*, *street* ndi *Straße*. Amene amadziwa Chingerezi angagwiritse ntchito zimenezi poloweza mawu. Zikutanthauzanso kuti maswiti athu, amene tinabwereka ku Chingerezi, ndi *Süßigkeiten* anatuluka mu tsinde limodzi.

Ndaona mayina a anthu olembedwa Süß, Süss ndi Suess. Lolondola ndi liti?

Pa mayina a anthu malamulo a kalembedwe sagwira ntchito, banja lililonse limasunga momwe makolo analembetsera. Franz Xaver Süßmayr, amene anamalizitsa nyimbo ya maliro imene katswiri wopeka nyimbo Mozart anaisiya pomwalira mu 1791, amalembedwa ndi ß. Rita Süssmuth, amene anatsogolera nyumba ya malamulo ya Bundestag kuyambira 1988 mpaka 1998, amalembedwa ndi ss ngakhale ndi wa ku Germany. Eduard Suess, katswiri wa za miyala wa ku Wien, amalembedwa ndi ue. Polembera munthu kalata, koperani dzina lake lembo ndi lembo momwe mwini wake walilembera. Pa pasipoti, m'mizere iwiri ya kunsi imene makina amawerenga, Süß amaoneka ngati SUESS, ndipo ndi momwe amalembedwera pa tikiti ya ndege.

Ndikafunsidwa pa foni kuti nditchule lembo limodzilimodzi, ndinene chiyani?

Njira yachidule ndi *"Es, U-Umlaut, Eszett"*, ndipo *Umlaut* ndi lembo la timadontho tiwiri pamwamba. Mungathenso kungotchula liwu la ü lenilenilo, chifukwa ndilo dzina la lembolo. Mzere ukakhala kuti sukumveka bwino, pali mndandanda wa mu 2022 umene umagwiritsa ntchito mayina a mizinda: *"Salzwedel, Umlaut Unna, Eszett."* Anthu ambiri, makamaka achikulire, akugwiritsabe ntchito wakale, ndiye mudzamva *"S wie Siegfried, Ü wie Übermut, Eszett"*, ndipo ena amati *Samuel* m'malo mwa *Siegfried*. Mu mtanthauziramawu musakafufuze ü kumapeto kwa alifabeti: amaikidwa pamodzi ndi u, ndipo ß amawerengedwa ngati ss, choncho *süß* mudzamupeza pafupi ndi *Suppe*, kutsogoloko pang'ono.